Maso a M'chigafa

Kwathu kuno ku Chisemphere mawu oti kudinda ali ndi mwini wake. Munthu akati mawa ndikudinda, sufunsa kuti mukudinda chiyani. Umadziwiratu kuti fodya wauma, wasankhidwa, jeke yabwerekedwa, ndipo mabelo ayenera kusokedwa lole isanafike. Ndiye tsiku limene ndinauza amayi anzanga ku banki m'khonde kuti nane ndayamba kudinda, koma makhadi, anaseka mpaka wina anatsamwa ndi chimanga chokazinga. Sindinawakwiyire, chifukwa ndikanakhala ine ndikanasekanso. Umboni wangawu ndi wa makhadi 120 amene anatsala pang'ono kundivula ulemu pamudzi, ndiponso wa mmene Mulungu anandivekeranso ulemuwo kudzera m'pepala la mayeso la mwana wa Sitandade 6.

Zipangizo zinachokera ku Joni. Achimwene anga akhala zaka zambiri ku Johannesburg akusamalira maluwa pakhomo la gogo wina wachizungu. Mu 2022 ana a gogoyo anaganiza zomusamutsira kunyumba yosungirako okalamba, ndipo katundu amene analibe kopita anamugawira antchito. Achimwene anapata katoni ina imene sanaidziwe mutu wake. Anaiponya pakati pa mabulangete ndi mapoto amene ankatumiza kwa mayi athu, n'kundiuza pa WhatsApp kuti, "Mlongo, muli zolembera m'menemo, ana azikajambulira kusukulu."

Nditatsegula ndinapeza zidindo za labala zomatidwa pa timatabwa: maluwa a rozi, mbalame ziwiri zoyang'anizana, belu la tchalitchi, ndi chinyama china chovala chipewa chimene ana anagwirizana kuti ndi fisi wonenepa. Munalinso padi imodzi ya inki yakuda ndi mamaka pafupifupi 40, aliyense wa nsonga ziwiri, ina yofewa ngati bulashi, ina yophwatalala ngati tchizulo. Nditavundukula mmodzi, m'nyumba monse munamveka fungo lija la kuchipatala, la thonje limene amakupaka asanakubaye jakisoni. Apongozi anga aakazi ananunkhiza n'kubweza mutu. "Mwana wanga, izi si za kachasu izi?" Sanalakwe kwambiri. Utoto wa mamaka amenewa susungunulidwa m'madzi ngati wa ana asukulu, koma mu spiriti. N'chifukwa chake umalowa m'pepala msanga, umauma usanaphethire kawiri, ndipo mitundu iwiri ikakumana isanaume imalowana popanda mzere pakati. Pambali pa maka aliyense panalembedwa Copic, ndi chilembo ndi manambala.

Ana sindinawapatse. Ndinabisa katoniyo pamwamba pa kabati, ndipo usiku akagona ndinkayatsa nyale ya sola n'kumadinda pa mapepala otsala m'makope awo akale. Zoyamba zinali zochititsa manyazi. Rozi ndinkangomupaka kufiira kumodzi kuyambira pakati mpaka m'mphepete, n'kumaoneka ngati chigamba cha nsalu. Ndinkaona kuti chinachake chikusowa koma sindinkadziwa kuti n'chiyani.

Amene anandiphunzitsa ndi bambo anga, ngakhale kuti anali atagona kumanda zaka zoposa khumi.

Bambo anabwera ku Kasungu kuchokera ku Phalombe ali mnyamata, monga ankachitira ambiri a kum'mwera, kudzakhala tenanti pa esiteti ya fodya wa bale. Utenanti unathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma ife amene tinakulira m'misasa ya udzu ija tikudziwa kukoma kwa mgaiwa wangongole. Za moyo umenewo ndilibe chabwino choti ndinene, kupatula chimodzi. Nyengo yosankha fodya, bambo ankandidzutsa mbandakucha, masamba akadali ofewa ndi chinyezi cha usiku kuti asaphwanyike m'manja. Tinkakhala pakhomo pa chigafa pamene kuwala kumalowa koma dzuwa silimenya. Ankanditambasulira masamba awiri pa bondo n'kufunsa kuti, "Awa ndi amodzi?" Ndikati eya, ankandigogoda pamutu ndi chala. "Yang'ananso. Ili ndi lapansi, latuwa ngati udzu wa m'chilimwe. Ili ndi lapakati, lili ndi kauchi. Lakunsonga limapita kofiirira. Ukawasakaniza, belo lonse ligulidwa pa mtengo wa tsamba loipitsitsa." Ndinkadana nayo ntchito imeneyo. Anzanga ali kusukulu, ine ndikusiyanitsa bulawuni ndi bulawuni mnzake. Nditakwatiwa ndinkanena poyera kuti m'chigafa sindinatengemo kanthu koma chifuwa.

Usiku wina ndikusanja mamaka aja, ndinaona kuti khumi ndi awiri ali ndi chilembo E, ndipo onse ndi a mtundu wa dothi. Ndinawalemba mzeremzere papepala, n'kudzidzimuka. Anali masamba a fodya. Uyu wapansi, uyu wapakati, uyu wakunsonga, uyu wopsa ndi dzuwa. Manja anga anawasanja okha, ndipo nditayang'ana manambala ndinapeza kuti ndawaika mmene eni ake anawaikira: nambala yomalizira ikamakula, mtundu ukunka nuda. E31, E35, E37, motero. Kuyambira usiku umenewo ndinasiya kupaka rozi ngati khoma. Ndinkatenga mamaka atatu apachibale. Woyera kwambiri ndinkayala paliponse, wakuda ndinkaika pamene tsamba lapindika ndi pamene lina laphimba linzake, wapakati ndinkalumikizira, kenaka n'kubwereranso ndi woyera uja utoto usanaume, kukokera mdima kunja pang'onopang'ono. Duwa linadzuka papepala. Ndinalira ndekha, osadziwa ngati ndikulirira duwalo kapena bambo.

Makhadi oyamba ndinagulitsa pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala 2022. Anagula aphunzitsi, anamwino awiri ndi atsikana a sekondale ku Nkhamenya. Sizinali ndalama zoti n'kumangira nyumba. Zinali za mchere, sopo ndi chigayo, koma zinali zanga, ndipo sizinadikire kuti msika wa fodya utsegulidwe mu Epulo.

Chaka cha 2023 ambiri anabwerako ku msika wa fodya wa Chinkhoma akumwetulira, chifukwa mitengo inakhalako bwino. Ife ayi. Mu Malichi mvula yamphepo inagwetsa chigafa chathu usiku, fodya ali wodzaza. Nsanamira zinali zodyedwa ndi chiswe, tinkadziwa, koma tinkati zipirira chaka chimodzi. Pamene tinkafukula, theka linali litayamba nkhungu. Zimene tinagulitsa zinathera kubweza feteleza, ndipo kuti tifike mu Seputembala ndi kufesa nazale ina, abambo akunyumba anakatenga katapila. Amene sanalawe katapila sangamvetse mmene mwezi umafupikira. Ukangogona kawiri, mwini ndalama wafika pa njinga yamoto, waima pabwalo osathimitsa injini kuti mudzi wonse umve.

M'kati mwa zimenezo, kumayambiriro kwa Okutobala, kunabwera mayi wina wolemekezeka, mkazi wa mlimi wamkulu wa kuno. Mwana wa mchimwene wawo ankakwatiwa mu Disembala, ndipo iwo monga azakhali anafuna kuti alendo olemekezeka, mafumu, abusa ndi akuchimuna, alandire makhadi opangidwa pamanja, osati osindikiza m'tauni amene aliyense ali nawo. Anafuna 120, rozi ndi mbalame ziwiri. Anandipatsa theka la ndalama pomwepo. Ndinalandira ndi manja awiri nditagwada, mtima ukugunda ngati ng'oma ya chimtali. Madzulo omwewo gawo lalikulu linapita kwa wakatapila. Zotsala ndinapita nazo ku Kasungu boma kukagula makhadi oyera osalala, chifukwa ndinali nditaphunzira kale kuti manila amamwa utoto n'kuumwaza kunja kwa mizere.

Padi ya gogo ija inali itauma. Ndinali nditaifinya chaka chathunthu. Musitolo ya mabuku ndinafunsa padi ya inki yakuda, anandipatsa imene amadindira m'maofesi, yofanana ndi ya chidindo cha amfumu. Ndinati inki ndi inki.

Tinadinda makhadi onse masiku awiri. Ndikuti tinadinda chifukwa kanali koyamba abambo akunyumba kukhala nane pamphasa pa ntchito imeneyi. Iwo ankapinda ndi kusalaza ndi msana wa supuni, ine ndikudinda. Sindinayese ngakhale khadi limodzi. Ndimafuna muimve bwino mfundo imeneyi, chifukwa anthu akamandiyamikira lero amailumpha. Munthu amene bambo ake anamuphunzitsa kuyang'ana tsamba kawiri anadinda makhadi 120 osapaka ngakhale kadontho kuti aone. Changu chinandipha, ndi kunyada pang'ono.

Tsiku lachitatu ndinatenga maka wofiira motuwa, n'kumukhudzitsa pa rozi woyamba. Mzere wakuda unasungunuka ngati makala m'madzi. Unayenderera m'duwa monse, kufiira kunasanduka mtundu wa chilonda, ndipo nsonga ya maka inada. Ndinati mwina khadi ili lokha silinaume. Khadi lachiwiri chimodzimodzi. Ndinawayanika padzuwa la Okutobala tsiku lonse, ndinasita ena ndi simbi yamakala, koma spiriti akangofika inki inkadzuka. Inki ya muofesi inapangidwa kuti ikhale yonyowa m'padi miyezi yambiri, ndipo spiriti amaisungunula ngakhale itaoneka youma. Ya gogo ija inali ina, yosankhidwa dala kuti izigwirizana ndi mamaka amenewa. Zonsezi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo ndinkangodziwa kuti mamaka anga atatu oyera ada nsonga. Pofuna kuwatsuka ndinathamangira spiriti wapepo uja timayatsira mbaula, n'kuviikamo wachikasu. Anatuluka wa mtundu wa biringanya. Ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo ngati pamaliro.

Patapita sabata azakhali aja anadutsa kudzaona. Ndinawalandirira panja, pansi pa mtengo wa mango, chitseko nditatseka. "Zikuyenda bwanji, mayi?" Ndinati, "Zikuyenda bwino kwambiri, kungoti ndawaphimba kuopa fumbi." Anamwetulira n'kunyamuka. Inki inali tsoka, koma bodza limenelo linali langa, ndipo ndilo linandidwalitsa. Ndinasiya kupita ku Chigwirizano Lachinayi chifukwa azakhaliwo amakhala mzere wakutsogolo. Kumjigo ndinkapita kusanache. Nsima inkandikanira pakhosi.

Ndinkadzitonthoza kuti ndipeza ndalama ndikagule makhadi ena mwakachetechete. Kenaka mu Novembala kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tinamva pa wailesi madzulo, ndipo pasanathe masiku angapo chilichonse chochokera kunja chinali chitasintha mtengo, mapepala omwe. Ndinaimbira wa sitolo uja, atanditchulira mtengo watsopano ndinangodula foni osatsanzika.

Abambo akunyumba si munthu waukali, koma usiku umenewo analankhula. "Amake mwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nazale ikufuna madzi kawiri patsiku, mvula ili pafupi, mizere sitinamalize. Zoseweretsa za azunguzi zatipatsa ngongole yachiwiri. Mawa tipite tikapepese, tidzabweza tikagulitsa fodya." Sindinayankhe. Atagona ndinatuluka kukakhala pachitsa kuseri kwa khola. Sindinapemphere mawu okongola ngati a m'tchalitchi. Ndinangoti, Ambuye, ndanama, ndipo sindikudziwa potulukira. Ndinakhala pamenepo mpaka tambala woyamba, osamva liwu lililonse, koma udzudzu.

Yankho linabwera Loweruka masana, ndipo ndinatsala pang'ono kulikwapula. Chisamba changa, mtsikana wa Sitandade 6, anali ataba maka mmodzi wobiriwira. Ndinamupeza kuseri kwa nkhokwe atagona chafufumimba, akupaka chithunzi cha chomera cha nyemba pa pepala la mayeso a sayansi limene anabwera nalo kusukulu. Ndinathyola kamtengo. Ndikumulanda pepalalo, maso anga anagwera pa tsambalo, ndipo dzanja linaima m'mwamba. Anali atapaka mobwerezabwereza mpaka utoto kutulukira kuseri, koma mizere yakuda inali chilili, yakuthwa ngati sinakhudzidwe. Ndinathamangira m'nyumba kukatenga maka wopanda mtundu, wolembedwa 0, amene m'kati mwake muli spiriti yekhayekha. Ndinapukuta pa chilembo chimodzi kakhumi. Sichinasunthe.

Mwana akadali kulira poyembekeza mkwapulo, ine ndinali kale pa msewu, chitenje chili m'manja, kupita kwa aphunzitsi ake. "Aphunzitsi, pepani ndakusokonezani pa Loweruka. Pepala ili munalembera inki yanji?" Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. "Si inki imeneyo, mayi. Ndi fotokope ya ku Nkhamenya."

Njira inaoneka, koma ndinadziwa kuti sindingaiyende bodza lili pamsana. Lamulungu titaweruka ndinapempha apongozi kuti andiperekeze. Tinafika kwa azakhali, ndinakana mpando, ndinakhala pansi n'kutulutsa makhadi atatu owonongeka. Ndinanena zonse, za katapila, za padi, za fumbi limene kunalibe. Anakhala chete nthawi yaitali akutembenuza khadi limodzi. Kenaka anati, "Inki sindikuimbani nayo mlandu. Koma munandiyang'ana m'maso pansi pa mango paja. Ine ndauza kale akuchimuna kuti makhadi akubwera. Mukanandisiya ndichite manyazi pamaso pa asebere anga?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwana. Apongozi anawomba m'manja mwaulemu n'kuti, "Walakwa ndi mwana wanu, mayi. Mukamutaya atola ndani?" Azakhali anapumira m'mwamba. Anandipatsa masiku khumi, opanda tambala ina yowonjezera, ndipo anati likadutsa tsiku lakhumi nkhani ikafika kwa amfumu.

Pobwerera ndinkawerengera mokweza mtengo wa makhadi atsopano, ndipo apongozi ndi amene anandidula. "Bwanji ukufuna kutaya akalewo? Malaya akang'ambika pabondo timataya thalauza lonse? Ika chigamba." Poyamba ndinaseka kusokoneza kwawo malaya ndi thalauza, kenaka ndinaima pakati pa njira. Makhadi akale anali abwinobwino, vuto linali nkhope yokha. Ndikanajambula pa timapepala tapadera, n'kudula, n'kumata pamwamba pa chidindo choipacho. Pepala limodzi la A4 likanatulutsa zigamba zinayi. M'malo mwa mapepala 60 ndinkafunika 30 okha. Komanso utoto wa spiriti umaboola pepala n'kuonekera kuseri, ndiye chigambacho chikanabisa ndi zimenezo zomwe, m'kati mwa khadi n'kukhala moyera. Anthu amene amapanga makhadi kunja amachita zomwezo dala, koma ine ndinazimva kwa mayi amene sanapiteko kusukulu.

Amayi a banki m'khonde, omwe aja anatsamwa ndi chimanga, anandibwereka ndalama ya mapepala. Abambo akunyumba sananene kuti ndinalakwitsa kukuletsa, amuna akuno satero. Anangogwira nkhuku ziwiri, kuzimanga pa handulo, n'kundiuza kuti ndikwere pakaliyala. Masiku amenewo mafuta ankavuta ndipo maminibasi pa M1 ankadutsa mwa apo ndi apo, atadzaza. Tinanyamuka kusanache. Ndinanyamula pepala limodzi loyera limene ndinadindapo rozi ndi mbalame kanayi, mosamala ngati ndikusaina kubanki, ndi inki yomwe ija ya muofesi. Pa ntchito imeneyo inalibe vuto, chifukwa makina ankangofunika kuiona.

Mnyamata wa fotokope anakana poyamba. Anati pepala lolimba chonchi likodwa m'makina ndipo abwana ake amuchotsa ntchito. Anafuna kundisindikizira pa kamakina kena kakang'ono ka inki yamadzi. Ndinati tiyese kaye, popeza tsopano ndinali nditaphunzira kuyesa. Ndinatulutsa 0 uja, ndinapukuta, mzere unachita mthunzi. Ndinati ayi achimwene, ndikufuna makina aakuluwo. Anandifotokozera kuti aakuluwo salemba ndi inki koma ndi ufa wakuda umene umawotchedwa n'kumatirira papepala, n'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda. Anavomera kulowetsa limodzilimodzi kudzera pa kakhomo ka m'mbali. Titafika pa pepala lachisanu ndi chinayi magetsi anazima. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, abambo atagulitsa nkhuku zija n'kundigulira mandasi awiri. Magetsi atayaka ndinagwira pepala lililonse likutuluka, lotentha ngati chigumu.

Masiku asanu ndi atatu otsatirawo sindimawakumbuka bwinobwino. Mvula yoyamba inagwa, ndipo fodya sadikira ukwati wa munthu. M'mawa ndinkawokera ndi anzanga, msana uli wopindika, masana ndinkasamba m'manja kawiri ndi sopo kuti dothi lisadetse pepala, n'kukhala pansi kupaka mpaka nyale ya sola itafooka. Zigamba khumi ndi zisanu patsiku. Mwana uja ankadula ndi lezala ndi rula, apongozi ankapaka guluu ndi nthenga ya nkhuku, abambo ankatsindika makhadi omatidwa pansi pa thabwa ndi mwala wa mphero. Mamaka ena anayamba kulira papepala, chizindikiro choti auma. Ulendo uno ndinagula spiriti woyera wa ku famase, ndinkazula nsonga ndi kudonthezamo madontho ochepa. Amadzuka ndithu, koma mtundu umatuwa, chifukwa wawonjezera madzi mu ndiwo osawonjezera mchere.

Pa khadi la 70 kufiira kunatheratu. Onse atatu. Ndinadontheza spiriti, kunatuluka pinki wa madzi otsukira nyama, kenaka palibe. Kunatsala makhadi 50 ndi masiku atatu. Ndinayang'ana m'katoni. Abuluu analipo, koma rozi wabuluu ndani anamuonapo? Amene anali odzaza anali a E aja, chifukwa ndinkangowagwiritsa ntchito pa nthambi ndi pa mapiko a mbalame. Ndinawatulutsa n'kuwayala pabondo monga bambo ankayalira masamba. Ndinayamba ndi wotuwa ngati tsamba lapansi, m'mapindo ndinaika wa kauchi, pakatikati pa duwa wofiirira wa kunsonga, ndipo m'mphepete ndinadutsitsa chikasu chochepa chimene chinatsala. Linatuluka duwa limene kulibe m'munda uliwonse, la golide wakupsa. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Linali lokongola kuposa ofiira aja, koma si limene anaitanitsa.

Ulendo uno sindinabise. M'mawa mwake ndinatenga limodzi kupita nalo kwa azakhali ndisanapitirize. Anakwinya nkhope. "Rozi wa bulawuni, mayi? Pa ukwati?" Amuna awo anali pakhonde akumwa tiyi. Anatambasula dzanja, analiyang'ana chapatali, analipendeketsa kukuwala monga amachitira ogula pa okushoni, n'kuseka. "Uyu ndi fodya uyu. Wapakati, wosankhidwa bwino. Mayi, munaphunzira kuti kusankha?" Ndinawauza dzina la esiteti imene bambo ankagwirako. Anagwedeza mutu. Anati makhadi ofiira apite kwa abusa ndi akuchimuna, a golidewa apite kwa alimi anzawo ndi mafumu, ndipo limodzi lisapite kulikonse, likhale lawo.

Ndinapereka onse 120 madzulo a tsiku lakhumi, mu beseni lophimbidwa ndi chitenje chifukwa kunkawaza. Azakhali anawerenga limodzilimodzi, kawiri, pamaso panga, ndipo sindinawadandaule. Anandipatsa theka lotsala lija. Pa ukwati sanandiitanire kutsogolo kapena kunditchula pa perekaniperekani. Chikhulupiriro sichibwerera tsiku limodzi. Panapita miyezi isanu kuti adzandipatsenso moni wogwirana chanza, ndipo anachita zimenezo atabwera kudzaitanitsa makhadi a chinkhoswe cha mwana wina.

Nkhani yonseyi ndinawafotokozera achimwene pa foni. Iwo amakamuonabe gogo uja kamodzikamodzi, ndipo atamuuza akuti anaseka mpaka kutsokomola. Anawatuma kuti andiuze kuti yankho linali m'dzina lenilenilo. Mamaka a Copic anayamba kupangidwa ku Japan mu 1987 ndi kampani ya Too, ndipo anawapangira anthu ojambula amene ankafuna kupaka utoto pa mapepala a fotokope popanda kusungunula mizere. Dzinalo linachokera ku liwu lomwelo la kukopa. Ndiye chimene ndinachipeza ndi misozi kuseri kwa nkhokwe chinali cholembedwa pambali pa maka aliyense, ndikuchigwira m'manja usiku uliwonse. Akuti mitundu yake yonse ilipo 358, ndipo akauma sataya, amathiramo utoto wina wa m'kabotolo ndi kusintha nsonga. Nditamva nambala imeneyo ndinaganiza za bambo. Akanafuna kudziwa kuti mwa imeneyo ya bulawuni ndi ingati.

Katapila tinamaliza mu 2024 titagulitsa fodya, ndipo chigafa chatsopano tinamanga ndi nsanamira zopaka oilo wakuda. Sindinasiye kulima, ndipo sindikuuza mayi aliyense kuti makhadi angalowe m'malo mwa munda. Kuno anthu amagula khadi pamene fodya wagulidwa, ndiye ntchito ziwirizi zimadyera mbale imodzi. Chimene chinasintha n'chakuti zidindo za gogo ndinazipumitsa. Fisi wonenepa uja palibe anamufunapo. Tsopano ndimasema zanga pa labala wofufutira ndi pa zidendene za patapata wakutha: mtsuko, nkhunda, ngala ya chimanga, mayi wobereka mwana, tsamba la fodya. Ndimadinda kamodzi, ndimapita ku fotokope, ndipo pepala loyamba likatuluka ndimalipukuta ndi 0 mnyamata uja akuonerera, ngakhale amadandaula kuti sindimukhulupirira. Wogula aliyense ndimamuchenjeza kuti asaike khadi pawindo, chifukwa utoto umenewu umafwifwa ndi dzuwa.

Mwana uja sanakwapulidwe. Maka wobiriwira ndinamupatsa kuti akhale wake, ndipo pano mapiko a nkhunda amapaka ndi iye, dzanja lake ndi lopepuka kuposa langa. Ndayamba kumudzutsa mbandakucha nyengo yosankha, osati kuti ajombe kusukulu, koma theka la ola lokha pakhomo pa chigafa. Ndimamuyalira masamba awiri pabondo. Amanyinyirika ndendende ngati mmene ndinkachitira.

Wachikasu amene ndinamuviika mu spiriti wapepo ndikadali naye, ndipo ndinapeza kuti amachita bwino pa mthunzi wa pansi pa mtsuko. Utoto wofiira achimwene akuti atumiza ndi wa basi akapeza kumene amagulitsa motsika mtengo. Anenapo zimenezo Khirisimasi ziwiri tsopano, ndipo mpaka lero aliyense wofuna rozi ku Chisemphere amalandira wa bulawuni.